Kodi tipirire kuzizira kuti tipeze dipoziti ya nyumba?

Mayi wina wa ku Leeds, ku England, walemba motere:

"Ndimakhala ndi amuna anga ndi ana athu awiri, wamkulu wa zaka 7, wamng'ono wa zaka 2. Tonse awiri timagwira ntchito yosamalira okalamba ndipo tili pa visa ya ntchito. Tikuchita lendi nyumba yakale, ya m'mizere ya nyumba zogundizana zija. Chaka chatha nyengo yozizira tinkayatsa hita ola limodzi m'mawa, lina madzulo, pofuna kusunga ndalama. Khoma la kuchipinda kwa ana linada ndi chuku, wamng'onoyo n'kumangotsokomola. Alandilodi akuti vuto ndi ifeyo, sititsegula mawindo. Tasunga £9,000, ina ya m'chipereganyu cha amayi a kutchalitchi. Ku Lilongwe tikumanganso nyumba, yatsala kufolera. Okutobala wayandikira ndipo mtima uli m'mwamba. Nyumbayi tiikonze bwanji, nanga tipirire kuzizira chaka chinanso kuti tigule yathu?"

Mayi, ndathokoza chifukwa cha kalata yanu, ndipo pepani ndi matenda a mwanayo. Mtima ukhale m'malo. Banja lomwe lasunga £9,000 pa malipiro a ntchito yosamalira okalamba, uku likulera ana awiri, uku likumanga kumudzi, lagwira ntchito yotamandika. Mwa anthu omwe ndakhala ndikuwathandiza pa nkhani za lendi ndi ngongole za nyumba kuno, ambiri anayambira pomwe mulipo inupa mpaka anadzalandira makiyi. Koma pali chimodzi chomwe ndikukanizani poyera: dipoziti isachokere pa kuzizira kwa ana. Ndalama zomwe munapulumutsa pozimitsa hita n'zochepa poyerekeza ndi zomwe mungataye mwana akagonekedwa m'chipatala, inu n'kuphonya mashifiti, kenako alandilodi n'kudzadula dipoziti ya lendi ponena kuti munawononga khoma. Nayonso banki yomwe idzakukongozeni idzafuna kuona ngati mungathe kulipira ngongole ndi kutenthetsa nyumba pa nthawi imodzi.

Tiyambe ndi chuku, poti ndicho chikukhudza thanzi lero. Mpweya wofunda umanyamula chinyezi chambiri, ndipo ukakhudza chinthu chozizira umachitula pomwepo, monga muja botolo la madzi limachitira thukuta mukalitulutsa mufiliji. Nyumba zambiri zogundizana za ku Leeds, ngati za ku Harehills ndi Beeston, zinamangidwa m'nthawi ya Mfumukazi Victoria kapena patangopita zaka zochepa. Makoma ake ndi njerwa zokhazokha, alibe mpata pakati ngati nyumba zomwe zinayamba kufala m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Khoma lotere limachedwa kufunda. Mukayatsa hita ola limodzi, umafunda ndi mpweya wokha, khoma lili chizizirire. Mpweya wofundawo umatola nthunzi ya kubafa, ya zovala zomwe mwayanika pa rediyeta, ya kupuma kwa anthu anayi usiku wonse, n'kukaitula pamalo ozizira kwambiri m'nyumbamo: kuseri kwa wodilopu, m'makona, m'mphepete mwa mawindo. Onjezerani kaphikidwe kathu, nyemba zowira maola awiri m'poto wosavindikira, nsima masana ndi madzulo. Choncho kuyatsa pang'ono n'kuzimitsa kuja sikunangokuzizitsani, kunalera chukucho.

Chofunika ndi zinthu zitatu kuyendera limodzi: kutentha kokhazikika, chinyezi chochepa, ndi njira yotulukira mpweya wonyowa. A zaumoyo kuno amalangiza kuti zipinda zomwe anthu akukhalamo zisatsike pansi pa madigiri 18. Ikani thermostat, kachipangizo kolamulira kutentha kwa m'nyumba, pamenepo nthawi yomwe muli pakhomo, makamaka kuchipinda kwa ana, m'malo moipititsa pa 25 kwa ola limodzi kenako zii. Muzivindikira mapoto, muziyatsa fani ya kukhitchini ndi ya kubafa, n'kutseka zitseko za zipinda ziwirizi kuti nthunzi isayende nyumba yonse. M'mawa uliwonse tsegulani mawindo a kuchipinda kwa mphindi khumi, pukutani madzi a pagalasi, kenako tsekani. Ngati mawindo anu ali ndi timipata tolowetsa mpweya pamwamba pake, musatimate ndi tepi. Bedi ndi wodilopu zisunthidwe pang'ono kuchoka ku khoma loyang'ana kunja. Zovala muziyanika m'chipinda chimodzi chotseka, windo lili lotsegula pang'ono. Ngati mungagule chinthu chimodzi chokha chaka chino, gulani makina oyamwa chinyezi, dehumidifier. Amadya magetsi ochepa kuposa hita yamagetsi ndipo zovala zimauma msanga. Tihita tamagetsi tija timanyenga. Kuno yuniti ya magetsi imadula pafupifupi kanayi kuposa ya gasi, ndiye kutenthetsa nyumba ndi tihita m'malo mwa boila, makina a gasi otenthetsa madzi a m'marediyeta, ndi kuwonjezera bilu.

Tsono za alandilodi. N'zoona kuti kutsegula mawindo kumathandiza, koma mawu akuti vuto ndi inuyo musangowameza. Si chinyezi chonse chomwe chimachokera m'kati. Mukaona banga lonyowa lomwe limakula mvula ikagwa, kapena mzere wonyowa m'munsi mwa khoma kufika pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, penti n'kumasupuka, madziwo akuchokera kunja: mwina ngalande ya padenga yatsekeka kapena yasweka, mwina denga likudontha, mwina chinyezi chikukwera kuchokera m'nthaka. Zimenezo ndi za mwini nyumba. Gawo 11 la lamulo la Landlord and Tenant Act la 1985 limati iye ndiye wokonza denga, makoma, ngalande, mapaipi, zotenthetsera nyumba ndi za madzi otentha, ndipo lamulo lina la 2018 limati nyumba ya lendi iyenera kukhala yoyenera kukhalamo munthu. Mu Disembala 2020 mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale, ndipo mu Novembala 2022 bwalo lofufuza za imfa linapeza kuti chinamupha ndi chuku cha m'nyumba yomwe banja lake linkakhala, makolo ake atadandaula kangapo konse. Sindikutchula izi pofuna kukuopsezani, mayi, koma kuti mudziwe kuti muli ndi poponda. Nkhaniyo itachitika, mu Seputembala 2023 boma linatulutsa malangizo onena kuti eni nyumba asamathamangire kuloza chala kakhalidwe ka alendi, koma azifufuza gwero la chinyezicho.

Jambulani khomalo, lembani imelo kwa alandilodi kapena kwa ejenti, tchulani kuti m'nyumbamo muli mwana yemwe akutsokomola, ndipo pemphani tsiku lomwe adzabwere kudzaona. Zolankhula pafoni zimaiwalika, zolemba zimakhala umboni. Akapanda kuchitapo kanthu, dandaulani ku khonsolo, ku nthambi yoona za nyumba za lendi. Ali ndi mphamvu yobwera kudzayendera ndi kulamula kuti akonze. Koma lendi musasiye kulipira ngakhale mutakwiya bwanji. Mungadzipezere mlandu wa ngongole ya lendi, ndipo banki idzafuna kuona kuti munkalipira mwezi ndi mwezi osadumphitsa. Mwanayo apite kwa dokotala sabata ino, ndipo mukanene kuti kunyumba kuli chuku kuti zilembedwe. Akayamba kupuma mobanika, nthiti zikulowa m'kati, kapena milomo ikasintha mtundu, imbani 999 osadikira kuti kuche.

Boila iyeseni tsopano, kusanazizire, chifukwa ikafa mu Disembala mudzapeza amisiri onse atatanganidwa. Yatsani kwa theka la ola n'kugwira rediyeta iliyonse. Yotentha m'munsi koma yozizira pamwamba ili ndi mpweya m'kati. Kakiyi kotulutsira mpweyawo n'kotchipa, mumapotokola pang'ono mpaka kutuluke kadontho ka madzi n'kutseka. Kawotchi ka pa boila koyeza mphamvu ya madzi kazisonyeza pakati pa 1 ndi 1.5 boila ili yozizira. Chaka chilichonse alandilodi ayenera kutumiza mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe, kaundula wa amisiri ovomerezeka a gasi, kudzayesa zipangizo za gasi, ndipo akupatseni pepala lake. Ngati simunalione, lifunseni. Boila zamakono zili ndi kapaipi kapulasitiki kotulutsa madzi kunja, ndipo kukazizira kwambiri madzi amaundana m'menemo boila n'kuzima, monga zinachitikira m'nyumba zambiri kumapeto kwa Febuluwale ndi kumayambiriro kwa Malichi 2018. Kuthira madzi ofunda, osati owira, pa kapaipiko nthawi zambiri kumathetsa vutolo. Pezaninso lero mpopi waukulu wotsekera madzi a nyumba yonse, stopcock, womwe kawirikawiri umakhala pansi pa sinki ya kukhitchini, ndipo yesani ngati ukupotokoka. Nonse awiri muudziwe, poti mumagwira mashifiti osiyana ndipo paipi ikaphulika usiku pakhomo pangakhale mmodzi.

Pali china chomwe ndimachibwereza kwa aliyense wochokera kwathu. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikavuta, tinazolowera kulowetsa mbaula m'nyumba, ndipo ngakhale kumudziko anthu amafa nazo. Kuno nyumba ndi yotsekeka kwambiri. Makala, chowotchera nyama, kapena kusiya uvuni wa gasi wotsegula kuti mufunde, zonsezi zimatulutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide womwe suoneka ndipo sununkha. Boila yowonongeka nayonso imautulutsa. Kuyambira mu Okutobala 2022, ku England alandilodi ayenera kuika alamu ya mpweya umenewu m'chipinda chomwe muli boila, kuwonjezera pa alamu ya utsi pa nsanjika iliyonse. Dinani kabatani kake muone ngati ikulira. Mukaona kuti banja lonse likumva mutu, chizungulire ndi nseru, koma mukatuluka panja zikutha, tulukani ndi ana, siyani zitseko zotsegula, imbani nambala ya ngozi za gasi, 0800 111 999, ndipo mukaonane ndi achipatala.

Zotsalazo ndi zing'onozing'ono zomwe mlendi angachite yekha: makatani okhuthala otsekedwa dzuwa likangolowa, koma osaphimba rediyeta, timalamba tomata m'mphepete mwa zitseko ndi mawindo olowetsa mphepo, kapeti pansi pozizira, sofa kuichotsa kutsogolo kwa rediyeta. Muzitumiza manambala a pa mita mwezi uliwonse kuti asakulipiritseni zongoyerekeza. Ndipo ngati mukuganiza zokadyera Khirisimasi kumudzi, musazimitsiretu zonse. Siyani thermostat pa 12 kapena 13, tsekani mpopi waukulu uja, uzani alandilodi, ndipo wina azidzasuzumira. Madzi akaundana m'paipi amaiphulitsa, ndipo mumadzazindikira atasungunuka, siling'i itagwa.

Tibwere ku zogula. Ndiyamba ndi nyumba ya ku Lilongwe, chifukwa mwangoitchula modutsa pomwe ndiyo ingasinthe masamu onse. Kuno wogula nyumba koyamba amapatsidwa mwayi waukulu pa Stamp Duty, msonkho womwe umalipiridwa pogula nyumba: kuyambira pa 1 Epulo 2025 salipira kanthu pa £300,000 yoyamba, bola nyumbayo isapose £500,000. Koma wogula koyamba, malinga ndi lamuloli, ndi munthu yemwe sanakhalepo ndi nyumba kwina kulikonse pa dziko lapansi, kuphatikizapo ya chuma chamasiye, ndipo mukagula awiri, nonse muyenera kukhala otero. Nayonso nyumba yomwe ikumangidwa ikhoza kuwerengedwa ngati nyumba. Kutaya mwayi umenewu si koopsa kwenikweni pa mitengo ya kumpoto kuno. Pa nyumba ya £170,000 mungalipire 2% pa gawo lopitirira £125,000, yomwe ndi £900. Choopsa ndi ichi: ngati pa tsiku logula muli kale ndi nyumba ina kwina kulikonse yomwe mtengo wake wafika £40,000, mukhoza kuwerengedwa kuti mukugula nyumba yachiwiri, ndipo kuyambira pa 31 Okutobala 2024 msonkho woonjezera ndi 5% pa mtengo wonse. Pa nyumba yomweyo ya £170,000 msonkho wonse ungafike £9,400, kuposa zonse zomwe mwasunga. Mwamuna ndi mkazi pa nkhaniyi amawerengedwa ngati munthu mmodzi, ndiye kulemba nyumba ya kumudzi m'dzina la bambo, ya kuno m'dzina lanu, sikukuthawitsani.

Sindikunena kuti siyani kumanga. Nyumba ya kumudzi ili ndi malo ake mumtima mwa aliyense wa ife, ndipo kwa munthu wa pa visa ndi pothawira zinthu zikavuta. Koma musanafolere, khalani pansi ndi loya wa za nyumba kuno, mutenge mapepala a pulotiyo, mumuuze kuti ili m'dzina la ndani, ndi malo a lizi kapena a mfumu, yafika pati, ndipo ingagulitsidwe ndalama zingati. Yankho limadalira zimenezo, ndipo nthawi zina nkhani imangokhala ya chomwe chiyambe kutha, kugula kuno kapena kumaliza uko. Chomwe musayese n'kubisa. Mudzasainira pepala lonena zoona, ndipo bodza pa nkhani ya msonkho kapena pa fomu ya ngongole lingakusokonezereni ngakhale mapepala okhalira m'dziko muno.

Lamulo lomwelo la kusakhalapo ndi nyumba kwina kulikonse likukhudzanso akaunti ya Lifetime ISA, yosungira ndalama zogulira nyumba yoyamba kapena za paukalamba, yomwe ambiri amaitama, ndipo ndi yabwinodi kwa oyenerera. Mumaitsegula musanakwanitse zaka 40, mumaikamo mpaka £4,000 pa chaka, boma n'kuwonjezerapo 25%, kutanthauza mpaka £1,000 pa chaka kwa munthu aliyense. Nyumba isapose £450,000, ndipo akauntiyo ikhale itatha miyezi 12 musanaigwiritse ntchito. Koma mukatapa ndalamazo pa chifukwa china, amadula 25% ya zonse: mwaika £4,000, zakhala £5,000, akudula £1,250, mwatsala ndi £3,750. Ndiye musaponyemo ndalama musanamve za loya uja. Ngati mmodzi wa inu yekha ndiye alibe dzina pa nyumba ya kumudzi, iyeyo akhoza kugwiritsa ntchito akaunti yake ngakhale mukugula awiri.

Za chipereganyu. Ndi njira yabwino yosungira, ndipo yathandiza amayi ambiri kuno, koma banki ndi loya sadziwa amayi a kutchalitchi kwanu. Malamulo oletsa kuyeretsa ndalama zakuba amawakakamiza kufunsa komwe yachokera paundi iliyonse ya dipoziti. £3,000 yolowa mu akaunti tsiku limodzi ili kashe imaimitsa zonse. Kuyambira lero muzisonkha ndi kulandira kudzera ku banki, gulu likhale ndi kaundula wa mayina, masiku ndi ndalama, ndipo msungichuma akhale wokonzeka kulemba kalata yofotokoza. Mukalandira musanamalize kusonkha, yotsalayo ndi ngongole ndithu, choncho ndi bwino kumaliza ndime yanu miyezi ingapo musanapemphe ngongole ya nyumba. Wachibale akakuthandizani ndi ndalama, adzafunika kusaina kuti ndi mphatso yosabweza, ndi kuonetsa komwe iyenso anazitenga. Ndalama zochokera kunja kwa dziko lino amazifunsa kwambiri.

Mbiri yanu ya ngongole imasungidwa ndi makampani atatu, Experian, Equifax ndi TransUnion, ndipo muli ndi ufulu woiona kwaulere. Ioneni nonse awiri, muone ngati maadiresi ali olondola, komanso ngati palibe kabilu ka foni kapena ka gasi ka kunyumba yakale komwe kanatsala. Ngongole yomwe inalembedwa kuti munalephera kubweza imakhala pa mbiri yanu zaka 6. Chinthu chosavuta chomwe ambiri sachidziwa: Malawi ndi dziko la mu Commonwealth, ndiye Mmalawi yemwe ali ndi chilolezo chokhala kuno akhoza kulembetsa m'kaundula wa ovota ku khonsolo, ndipo mabanki amagwiritsa ntchito kaundulayo potsimikiza komwe mumakhala. Kadi ya ngongole imodzi yomwe mumagulira mafuta a galimoto n'kulipira yonse mwezi uliwonse imamanga mbiri. Katapila wa pa intaneti, kukhala mu overdraft (kutapa zoposa zomwe muli nazo mu akaunti) mwezi ndi mwezi, kubetcha mpira, ndi kugula zovala molipira pang'onopang'ono zimaonekera pa sitetimenti ndipo zimachotsa chikhulupiriro. Miyezi 6 musanapemphe, musatenge galimoto ya ngongole.

Mabanki ambiri amakongoza pafupifupi kanayi kapena kanayi ndi theka ka malipiro anu a pa chaka. Tiyerekeze kuti awirinu mumapeza £49,000. Pa pepala zimenezo zingafike £220,500. Koma pamenepo amachotsapo ana, ndalama za kosiya mwana, ngongole ya galimoto, ndi zomwe mumatumiza kumudzi mwezi ndi mwezi, poti adzaziona pa masitetimenti a miyezi itatu kapena kuposa. Musazibise ndipo musachite nazo manyazi, kungoti zikhale ndi mlingo wodziwika. Kutumiza £250 mwezi uliwonse kumamveka bwino kuposa £80 mwezi uno, £900 mwezi wamawa chifukwa amisiri afuna simenti. Ndalama za ovataimu ndi za mashifiti a ku ejensi mabanki ena amaziwerenga zonse, ena theka, ndiye sungani mapepala onse a malipiro ndi P60, pepala loonetsa malipiro ndi msonkho wa chaka chonse, ya chaka chilichonse.

Visa nayo ili ndi mawu. Yemwe ali ndi chilolezo chokhaliratu angapeze ngongole ndi dipoziti ya 5%. Kwa a visa ya ntchito, mabanki ena amafuna mpaka 25%, ena amalola 10% kapena kucheperapo mukakhala kuti mwatha zaka zingapo m'dziko muno kapena malipiro anu afika pa mlingo womwe iwo anaika. Pa nyumba ya £170,000, 5% ndi £8,500, 10% ndi £17,000, 25% ndi £42,500. Apa mpomwe mlangizi wa ngongole za nyumba wodziwa nkhani za anthu a pa visa amathandiza, chifukwa kugogoda nokha banki ndi banki, kulikonse n'kukanidwa, kumadetsa mbiri yanu. Kumbukiraninso kuti visa yanu yamangika pa olemba ntchito. M'zaka zaposachedwapa makampani ambiri osamalira okalamba alandidwa chilolezo cholemba anthu ochokera kunja, ndipo zikatero munthu kawirikawiri amapatsidwa masiku 60 kuti apeze kwina. Pa visa imeneyi simulandiranso thandizo la ndalama la boma. Ngati nonse awiri mumadalira kampani imodzi, ganizirani bwino zimenezi musanasaine ngongole ya zaka 25.

N'chifukwa chake ndimauza anthu kuti dipoziti si ndalama yokhayo yofunika. Pali loya ndi kafukufuku wake ku khonsolo, woyeza nyumba, mwina ndalama yoyambitsira ngongole, galimoto yosamukira, ndi inshuwalansi ya nyumba yomwe imayamba tsiku lomwe mwasinthana makontirakiti. Ine ndimati ikani padera pakati pa £2,500 ndi £4,000 ya zimenezi. Pamwamba pake pakhale thumba la mwadzidzidzi lokwana zolipira za miyezi itatu, chifukwa nyumba ikakhala yanu palibenso alandilodi owaimbira. Boila ikafa mu Januwale, yatsopano nthawi zambiri imaposa £2,000, ndipo ndi inu. Yesaninso chiwongoladzanja. Pa nyumba ya £170,000 ija mutapereka dipoziti ya 10%, ngongole ya £153,000 ya zaka 25 pa 4.5% ndi pafupifupi £850 pa mwezi, pa 6.5% ndi pafupifupi £1,030. Kudumpha kotereku si nthano. Bank of England inakweza chiwongoladzanja chake kuchoka pa 0.1% mu 2021 kufika pa 5.25% mu Ogasiti 2023, ndipo mabanja omwe mgwirizano wawo wa zaka ziwiri unatha nthawi imeneyo anaona zakuda. Yesani motere: kwa miyezi isanu ndi umodzi muzisunga kusiyana kwa lendi yanu ndi £1,030 imeneyo, hita ili chiyakire. Mukakwanitsa popanda kukongola, mwadziyesa nokha kuposa momwe banki ingakuyesereni.

Kunena mosapsatira, ndi £9,000, visa ya ntchito, ndi nkhani ya ku Lilongwe isanamveke, simunafike pogula chaka chino. Koma nyengo yozizira ikubwerayi ndi nthawi yabwino yoyamba kuona nyumba, ngakhale musanakonzeke, chifukwa nyumba imaonekera zenizeni zake mu Januwale. M'chilimwe iliyonse imakongola. Pitani tsiku la mvula. Nunkhizani mukangolowa, gwirani makoma a kunja, suzumirani kuseri kwa makatani, samalani ndi khoma limodzi lokha lopakidwa penti yatsopano. Funsani zaka za boila ndi mapepala a kukonzedwa kwake. Yang'anani kudenga ngati anayalako zotchinga kutentha. Zovomerezeka masiku ano ndi zokhuthala mamilimita 270. Nyumba iliyonse yogulitsa imakhala ndi satifiketi ya EPC, yoonetsa momwe nyumbayo imadyera gasi ndi magetsi, kuyambira A (yabwino kwambiri) mpaka G, ndipo mungaione kwaulere pa intaneti. Onaninso ya nyumba mukukhalayo, poti kuyambira mu Epulo 2020 nyumba ya lendi siyenera kutsika pansi pa E pokhapokha ili ndi chilolezo chapadera. Nyumba yotchipa ya E ya makoma a njerwa zokhazokha ingakudyereni pa gasi zomwe munapulumutsa pa mtengo. Inuyo mwakhalamo kale m'nyumba yotero, maso anu ndi akuthwa kuposa a ogula ambiri.

Mukadzapeza yomwe mwaikonda, musadalire kuyeza kwa banki. Banki imangofuna kudziwa ngati nyumbayo ikukwana ndalama zomwe ikukongozani. Lipirani woyeza wanu wa RICS, bungwe la akatswiri oyeza nyumba: kafukufuku wa Level 2 pa nyumba wamba yosamalika, Level 3 pa nyumba yakale ngati za m'dera lanulo. Ikakhala fulati, kawirikawiri ndi ya lizi, ndiye funsani zaka zotsala pa liziyo, poti zikayandikira 80 zimavuta, ndi ndalama zapachaka zosamalira nyumbayo. Dziwaninso kuti ku England mgwirizano sumanga aliyense mpaka makontirakiti atasinthanidwa. Wogulitsa akhoza kusintha maganizo inu mutalipira kale woyeza ndi loya, choncho musapereke notisi kwa alandilodi nthawi imeneyo isanakwane.

Pa za chuku ndi alandilodi, mabungwe a Shelter ndi Citizens Advice amalangiza kwaulere. Bilu ya gasi ikayamba kukupitirirani, imbirani kampaniyo musanadumphitse, pemphani ndondomeko yolipira pang'onopang'ono, ndipo poti muli ndi mwana wosakwana zaka zisanu, pemphani kulowa m'kaundula wa Priority Services Register, womwe ndi waulere. Ngati pali ngongole zomwe simunazitchule m'kalatamu, StepChange amathandiza popanda kulipiritsa, ndipo MoneyHelper ali ndi zowerengera bajeti ndi ngongole ya nyumba. Mlangizi wa ngongole mukhoza kukumana naye ngakhale kutatsala chaka kuti mugule, kuti akuuzeni dipoziti yomwe mabanki akufuna kwa munthu wa visa ngati yanu. Musanamupatse mapepala anu, fufuzani dzina lake m'kaundula wa FCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma, mumufunse ngati amaona mabanki onse kapena owerengeka okha, ndipo akuuzeni polemba kuti adzakulipiritsani zingati komanso liti.